Chigawo Chachitatu Chili M'thumba la Jekete

Okondedwa achimwene,

Ndiyambe ndi moyo wanu. Mwadzuka bwanji kumeneko? Chifuwa chija munkatsokomola pafoni mwezi watha chinatha, kapena mwangophunzira kutsokomolera kumbali kuti ndisamve? Kuno tilipo. Abambo akudya bwino, miyendo yokha ndiyo imatupa akakhalitsa pampando. Azakhali ali bwino, pakamwa pawo ndiye pali bwino koposa. Ine m'thupi mulibe vuto.

Mudabwa kulandira kalata pomwe timayankhulana Lamlungu lililonse. Koma mukundidziwa pafoni. Mukafunsa ngati zikuyenda ndimati eya, mukafunsa ngati pali china ndimati palibe, kenako tonse timangomverana kupuma. Zomwe ndili nazo sizingatuluke mwanjira imeneyo. Kalata ino ndi yachitatu, ziwiri zoyamba ndang'amba. Ndiipereka kwa adalaivala a lole oyandikana nafe aja. Anyamuka mawa Lachitatu, ndipo akuti Lachisanu adzakupezani pageti pomwe mumalondera.

Nkhani yoyamba ndi yabwino. Achipatala atipatsa tsiku. Lachinayi la sabata yamawa abambo akachotsedwa ng'ala ya diso lakumanja, ndipo Lachisanu lake adzawamasula bandeji. Adokotala akuti mwina kulowetsa ulusi pasingano kudzavutabe, koma kuwerenga adzawerenga. Aliyense wasangalala. Inenso ndasangalala, koma chiyambire kumva mawu akuti adzawerenga, sindikutha kukhala pansi. Ndikufotokozerani chifukwa chake.

Mukulikumbukira buku lanu lija la Chingerezi, lokhala ndi chithunzi cha munthu akuthamanga pamwamba pa sitima? Lija munalidula pamsana ndi lezala n'kukhala zigawo zitatu, kuti inu ndi anzanu awiri muziwerenga nthawi imodzi, wina akamaliza chake apatsire mnzake? Miyezi iwiri yapitayo ndinkafuna mabatani pansi pa kabati ya nsalu zotsala, ndipo ndinapezamo zigawo ziwiri, choyamba ndi chachiwiri.

Chachitatu sindinachifunefune, chifukwa ndikudziwa kumene chinapita. Tsiku lija chinali kudzanja lanu lamanzere, simbi ili kudzanja lamanja, itakhazikika pa suti ya mkwati. Fungo la nsalu yopserera ija ndimalimvabe nthawi zina ndikamatsegula shopu. Abambo ananena zimene ananena, mwini suti ali chilili pakhomo. Inu munapinda chigawocho, n'kuchiika m'thumba lamkati la jekete, n'kutuluka. Zaka zitatu tsopano. Abambo sanatchulepo dzina lanu, inunso pafoni mumangofunsa kuti akuluwo ali bwanji.

Chitsekekere maso awo, abambo amakhala pakhonde la shopu tsiku lonse, ine ndili pamakina. Wailesi akuti imawasokosera. Tsiku lina masana ntchito itachepa ndinatsegula chigawo choyamba mobisa, koma makutu awo mukuwadziwa. Anafunsa kuti pepala likulira ndi la chiyani. Ndinati ndi buku lakale. Anati ndiwapatse. Anayendetsa chala pamsana podulidwa paja, kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kunena kuti amene anadula apa dzanja lake ndi lowongoka. Anandibwezera n'kuti ndiwawerengere.

Ndinawauza kuti Chingerezi changa chinathera ku pulayimale. Anati palibe kanthu, ine ndizing'amba, iwo azisoka. Ndinayesa mokweza tsamba limodzi, iwo n'kundiimitsa kuti ndikupha anthu a m'bukumo mfuti zisanalire. Ndiye tinagwirizana kuti ndiziwerenga chamumtima ndime imodzi, kenako ndiziwafotokozera m'chiyankhulo chathu. Mawu ovuta ndimatchula zilembo, iwo amandiuza tanthauzo. Tsiku lililonse ikakwana folo koloko ndimavundikira makina, n'kukoka kampando kufupi nawo.

Achimwene, bwanji simunandiuze kuti mabuku amatero? Tsopano ndikumvetsa za simbi ija. Munthu wa m'bukumo, amene abambo anamutcha Wachipsera chifukwa dzina lake limandipinda lilime, wanyamula kakiyi kosokerera m'kolala ya malaya, ndipo Bwana wa Magolovesi watuma anthu m'mayiko onse kuti amugwire. M'masiku anayi wadutsa mayiko asanu ndi limodzi. Ine amene sindinakwerepo ngakhale sitima ndinkafika pomva kuzizira kwa mayiko amenewo m'zala.

Sabata yoyamba ndinasoka thumba la kabudula wa sukulu n'kulitseka. Popita kumsika ndinkangocheuka kuona ngati galimoto ikunditsata. Tsiku lina wowerenga mita ya madzi anagogoda pakhomo lakuseri, ine n'kuima kuseri kwa chitseko sizasi ili m'manja. Munthuyo atandiona anangofunsa ngati abwere tsiku lina.

Abambowo ndi ena. Iwo nkhani ya mfuti alibe nayo ntchito. Akuti munthu ameneyu wadumpha pamlatho, wasambira, wamenyana ndi anthu anayi padenga, koma buluku lake silinang'ambike pakati ngakhale kamodzi, ndiye iwo akufuna aonane ndi telala wake. Anandifunsanso kuti kakiyi kaja kanasokereredwa ndi msoko wanji. Nditawauza kuti bukulo silinanene, anati wolemba ameneyu ndi waulesi.

Azakhali poyamba ankati tonse awiri mitu yatiwonongeka. Ankafunsa ngati m'bukumo muli wina amene amasamba kapena kupatsa moni anzake. Koma ikamayandikira folo koloko amapezeka afika, akuti adzatithandize kutola ulusi pansi. Ulusi wake umakhala pafupi ndi kampando kanga nthawi zonse. Iwo akuti munthu wovala magolovesi m'nyumba ali ndi zipere basi, ukali wonsewo ndi wa kuyabwa.

Koma pali china chimene chinayamba kundidya, ndipo sindinauze aliyense. Ndi alonda. M'bukumo Wachipsera akafuna kulowa penapake pamakhala mlonda, ndipo mlondayo amafa mumzere umodzi. Alibe dzina, alibe kwawo. Amangoti mlonda anagwa, nkhani n'kupitirira. Woyamba ndinamudutsa osamuona. Pofika wachinayi ndinaona inu, mutavala yunifomu ija munanditumizira chithunzi chake, wezulo ili pakhosi. Ndinaleka kufotokoza. Abambo anafunsa kuti chavuta n'chiyani, ine ndinati kaulusi kandilowa pakhosi.

Ndinayamba kuwawerenga alondawo mmodzimmodzi. Pofika kumapeto kwa chigawo chachiwiri anali khumi ndi mmodzi. Ndinkamukonda Wachipsera, ndinkafuna apulumuke, koma akayandikira geti ndinkachedwa dala kutsegula tsamba lotsatira. Sindinadziwe kuti munthu angathe kufunira wina zabwino n'kumamuopa nthawi yomweyo.

Chigawo chachiwiri chimathera padoko. Inu mwina mwaiwala. Wachipsera akukwawa kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu. Sitima yapamadzi inyamuka pakangopita mphindi khumi. Pakati pa iye ndi sitimayo pali mlonda mmodzi, wafulatira, akupukusa manja chifukwa cha kuzizira. Wachipsera akusolola mpeni. Mzere womaliza sutha n'komwe, wangodukira pakati. Kuseri kwake kulibe kanthu, ndi m'mene munadutsa lezala yanu.

Ndinayang'anitsitsa podukapo. Abambo anati ndipitirize.

Ndikanangonena kuti buku lathera pomwepa. Koma akanafunsa kuti kwinako kuli kuti, ndipo yankho lake ndi dzina lanu, limene m'nyumba muno timalizungulira ngati madzi otayika pansi. Komanso mlonda uja anali chifulatirebe. Ndiye ndinabwerera mwakachetechete kumasamba amene tinawerenga kale, ndinaliza pepala ngati ndikutsegula latsopano, ndinayang'anapo pang'ono, n'kunena kuti mlonda anacheuka.

Ichi ndicho ndakulemberani, achimwene. Ndakhala ndikuwanamiza abambo. Lero ndi tsiku la khumi ndi chisanu ndi chinayi. Ine amene mumati mawu anga ndi owerengeka ngati mabatani a malaya, ndakhala ndikupeka buku tsiku ndi tsiku, munthu wosaona atatchera khutu.

Ndinati mlonda atacheuka anaona munthu wonyowa, wonjenjemera, n'kuganiza kuti ndi wonyamula katundu amene wasowa ganyu. Anatsegula fulasiki yake n'kumuthirira tiyi. Wachipsera anabweza mpeni. Anamwa tiyi uja, sitima n'kunyamuka iwo akuona. Abambo anati aka n'koyamba kuti munthu ameneyu achite chinthu chanzeru.

Vuto linabwera pambuyo pake. Ine sitima yapamadzi sindiidziwa m'kati mwake, za mapasipoti sindizidziwa, ndipo sindinapeze njira yomutulutsira m'dziko limenelo. Ndiye ndinamubisa m'chipinda cha mlonda. Munthu uja wodutsa mayiko asanu ndi limodzi m'masiku anayi watha masabata atatu m'chipinda chimodzi. Wachapa malaya, wameta ndevu, wakonza mwendo wa bedi. Azakhali anayamba kudandaula kuti kodi zipolopolo zinatha. Ndinawaponyera galimoto ziwiri zothamangitsana kuzungulira msika, iwo n'kunena kuti msika umenewu ukufanana ndi wathu, mpaka pogulitsira mapoto.

Kenako tsiku lina, osakonzekera, ndinamuyankhulitsa mlonda uja. Ndinati ndi mwana wa wosoka nsapato. Ndinati anasiya nsapato za kasitomala pafupi ndi moto kuti guluu aume, iye n'kutengeka ndi mpira wa pawailesi, nsapato n'kupserera. Bambo ake anamuuza, kasitomala akumva, kuti manja ngati amenewo si a m'nyumba yawo. Mawu amenewa mukuwadziwa, sindinasinthe ngakhale limodzi. Ndinati mlondayo amafuna kubwerera kwawo, koma sadziwa ngati akagogoda adzamuyankha.

Apa ndinakulakwirani inunso. Ndinakuikani mawu m'kamwa amene simunandiuzepo. Sindikudziwa ngati ndi mmene mumamvera. Mwina kumeneko mwakhazikika ndipo za kuno mulibe nazonso ntchito. Ngati ndinanama, mundikhululukire.

Tsiku limenelo abambo sanaseke, sanafunse za buluku la aliyense. Anangoti ndiwalowetse m'nyumba, kunja kwazizira, pomwe dzuwa linali lidakalipo.

Mawa lake anati ndibwereze pamene paja pa wosoka nsapato. Achimwene, chinthu chopeka sichibwerezeka. Ndinaliza mapepala, ndinayesa kukumbukira, n'kufotokoza mpaka kumapeto. Anandisiya ndimalize. Kenako anati dzulo nsapatozo zinali zakuda, lero zasanduka zofiirira. Munthu wagwira nsalu zaka makumi anayi sungamupusitse pa mtundu. Ndinati mwina dzulo ndinawerenga molakwika. Anati n'zotheka, mwinanso utoto wa m'mabuku umasuluka ukagona. Anati ndipitirize.

Kuchokera pamenepo sindikudziwa amene akusewera ndi mnzake. Tsiku lina anati wolemba ameneyu wasintha, poyamba sankadziwa msoko koma tsopano akudziwa kuchotsa litsiro la m'kolala ndi sopo wouma. Tsiku linanso anafunsa kuti tili patsamba lanji, ine ndinatchula nambala imene inabwera m'mutu, iwo n'kuti ndiye kuti bukuli ndi lonenepa kuposa mmene analimvera m'manja. Ndipo aliyense wobwera kudzasoketsa amamuuza kuti Lachisanu lija akadzangowamasula bandeji, chinthu choyamba adzawerenga okha mathero a buku. Ponena zimenezo nkhope amalozetsa kumene kukulira makina anga.

Ndaganiza zambiri. Ndinaganiza zoliponya pamoto n'kunamizira makoswe. Ndinaganiza zodwala. M'makalata awiri aja ndang'amba ndinkakupemphani kuti mupatse adalaivala chigawo chachitatu, ndidzachimate ndi guluu abambo asanaone. Koma ndinazindikira kuti sizingathandize. M'chigawo chanucho ndikukhulupirira kuti mlonda uja sacheuka. Abambo adzatsegula tsamba loyamba n'kumupeza ali pansi, wopanda fulasiki, wopanda bambo.

Tsopano mumve za lero, chifukwa ndizo zandipangitsa kulemba kachitatu.

Titamaliza kuwerenga, azakhali atapita, abambo anafunsa ngati wosoka nsapato uja adzaonekeko m'bukumo, kapena timangomumvera kwa mwana wake. Ndinati sindinafikepo. Anati ndikadzafikapo ndidzawerenge mosamala, chifukwa anthu a ntchito zamanja iwo amawadziwa. Akuti munthu wotero mwina ananena mawu aja chifukwa cha manyazi, kasitomala ali pakhomo, osati chifukwa anali mumtima. Akuti mwina anakhala pansi masiku awiri n'kusoka nsapato zina, kasitomala n'kuvala, n'kuvina, n'kuiwala, koma iye n'kutsala ndi mawu ake aja m'shopu, akumuyang'ana tsiku ndi tsiku. Anati wolemba asamusiye munthu ameneyu kunja kwa nkhani mpaka kufa. Ndinati wolemba si ine. Anati akudziwa, akungocheza.

Ine ndinayamba kupinda nsalu zimene ndinali nditapinda kale. Kenako anayamba kunena za jekete lina lotuwa limene anasoka kale. Akuti thumba lake lamkati analikuza dala, n'kulisoka kawiri, chifukwa anaona kuti mwini wake amakonda kuyenda ndi mapepala. Akuti m'thumba limenelo simugwa kanthu. Ngati mwini wake jeketelo akadali nalo, ndiye kuti mapepalanso alimo.

Anati zaka zitatu ndi zambiri, pofika pano liyenera kuti likumuthina m'mapewa. Iwo posoka amasiya nsalu ya chala chimodzi m'kati mwa msoko, kuti munthu akakula azitha kumasula. Koma akuti jekete silimasulidwa mwini wake kulibe, pafunika alivale, aime mowongoka, telala amuzungulire ndi choko. Anamaliza ndi kunena kuti diso lawo litseguka Lachisanu, ndipo sakufuna kuti ntchito yake yoyamba idzakhale yunifomu ya sukulu.

Dzina lanu sanalitchule. Ndakulemberani mmene ananenera, apa pokha sindinawonjezere kanthu.

Ndiye pempho langa lasintha, achimwene. Mapepalawo musawapatse adalaivala. Iwo anyamuka kumeneko Lolemba, kufika kuno Lachitatu, ndipo mpando wa pambali pawo ulibe munthu. Ndawafunsa ndekha. Ndinaima pakhomo pawo mpaka akazi awo kutuluka kudzandifunsa ngati ndasochera, koma ndinafunsa. Pemphani masiku kuntchito. Mnzanu uja mumasinthana naye pageti munamugwirira ntchito sabata yathunthu mkazi wake atachira, sangakukanizeni. Bwerani mutavala jeketelo, ngakhale likuthina, ngakhale lasuluka.

Sindikulonjezani kuti abambo adzanena mawu amene mukufuna kumva. Mukuwadziwa. Mwina adzangokuuzani kuti mutambasule manja, n'kuyamba kudandaula kuti mwaliwononga ndi sopo woipa. Koma inunso ndinu mwana wa telala, mukudziwa kumva zimene choko chikunena.

Ine kwanditsalira masiku asanu ndi atatu oti ndidzaze, ndipo Wachipsera wachapa kale chilichonse cha m'chipinda chija. Mawa ndilowetsa wosoka nsapato. Ndimuyendetsa pang'onopang'ono, ndimupatse makasitomala, ndimupatse mlongo wolongolola kuti azakhali asangalale. Lachitatu la sabata yamawa ndidzamukhazika pakhonde la shopu yake, akumva mapazi akubwera mumsewu. Pamenepo ndidzatseka buku. Kupitirira apo sindipeka, chifukwa si gawo langa.

Ngati simungathe kubwera, Lamlungu mukaimba musavutike kufotokoza. Mudzangoti jekete linatayika, ine ndidzamva. Zimene ndidzawauze abambo zikatero sindikuzidziwa, ndipo ndikayamba kuziganiza ndimadzuka pampando n'kuyamba kusesa posesa kale.

Mundiperekere moni kwa mnzanu wa pageti ndi banja lake, komanso kwa amayi a nyumba imene mukukhala, amene munati amakusungirani madzi otentha. Azakhali akupereka moni, akuti munenepe. Sakudziwa kuti ndalemba zonsezi, ndipo akadziwa msewu wonse udziwa. Mulungu akusungeni pantchito ndi panjira. Mukakhala pageti musamafulatire kumene kungachokere munthu, ndipo fulasiki yanu izikhala ndi tiyi.

Ndine mlongo wanu,
uja mumamutcha Kachete

Ndinaiwala chimodzi. Mukafika, chigawo chachitatucho mudzapatse abambo, osati ine, ndipo musadzandiuze zimene zili patsamba loyamba. Mlonda wanga anacheuka.